Kochi wa koleji yaing'ono ku America akufuna mwana wanga: ndimulole akasewere mpira?

"Ndine mayi wa ana atatu, ndakhala ku Ohio zaka 12 ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga woyamba anabadwira kumudzi, tinabwera naye kuno ali ndi zaka 5, ndipo ali ndi green card. Pano ali ndi zaka 17, akumaliza high school. Amasewera mpira wa kuno wovala zisoti uja, malo ake amati linebacker. Kochi wa koleji ina yaing'ono ya Division III wakhala akumuimbira foni, anamuitana kukaona sukulu, ndipo chibwerereni mwana sakukambanso za kwina. Akuti amupatsa sikolashipu ya madola 24,000 pa chaka, koma fizi pamodzi ndi malo ogona ndi chakudya ndi 58,000. Iye amafuna uinjiniya. Bambo ake akuti asiye mpira alowe yunivesite ya boma yapafupi. Ine mpirawu sindiumvetsa, akamagundana ndimangotsinzina. Kodi sikolashipuyi ndi yeniyeni? Angathe sukulu ndi mpira nthawi imodzi? Nanga akavulala?"

Mayi, mtima ukhale pansi. Palibe chimene chawonongeka, ndipo nthawi yoganiza ikadalipo. Ku Division III, gawo la makoleji osapereka sikolashipu ya masewera, kulibe chikalata chimene mwana angasayine n'kumangika nacho kwa kochi. Mapepala amene mumaona ana akusayina pa Facebook atavala kapu ya sukulu, kwa a Division III ndi achikondwerero chabe. Chimene chimamanga munthu ndi Early Decision, pamene mwana amalonjeza kuti akalandiridwa alowa pomwepo n'kusiya makoleji ena onse. Makochi ena amakankhira ana kumeneko. Musalole asayine zimenezo inu musanaone mtengo weniweni. Akafunsira malo mwa nthawi zonse, makoleji ambiri amadikira yankho lake mpaka pa 1 May.

Maganizo anga ndi akuti mwana angathe kusewera, ndipo mpira wa pakoleji yaing'ono umawakuza bwino anyamata ambiri. Koma sukuluyo muisankhe ngati kuti mpirawo utha chaka chamawa, chifukwa kwa ambiri umathadi msanga chomwecho, wina chifukwa cha bondo, wina chifukwa chotopa ndi benchi. Ikakhala sukulu yoti banja lanu lingaikwanitse, yokhala ndi maphunziro amene iye akufuna, yoti angakhalepo mosangalala atavula chisoti, mulekeni apite. Ikapanda kutero, bambo ake akulondola.

Tiyambe ndi ndalama, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewera a m'makoleji ambiri ku America, lili ndi magawo atatu. Division I ndi matimu akuluakulu a pa TV aja. Division II amapereka sikolashipu ya masewera koma yoduladula: timu ya mpira imaloledwa ndalama zofanana ndi masikolashipu athunthu 36 okha, zogawana pakati pa osewera amene nthawi zambiri amaposa 100. Palinso bungwe lina la makoleji ang'onoang'ono, NAIA, kumene malire ake ndi 24, nawonso ogawana. Division III, kumene kuli matimu a mpirawu oposa 200, lamulo silililola kupereka ngakhale dola imodzi chifukwa cha masewera. Choncho 24,000 ija si ya mpira. Ikuchokera ku ofesi yolandira ophunzira, chifukwa cha magiredi ake kapena chifukwa cha kupereŵera kwa banja, ndipo kochi saloledwa kuikapo dzanja.

Zimenezi zili ndi ubwino waukulu. Mwana akavulala, akasiya timu, kapena akayambana ndi kochi, ndalamayo sichoka. Ngati ndi ya magiredi, imadalira GPA, avareji ya magiredi ake, ndiye funsani kuti ayenera kukhala ndi GPA yanji kuti apitirize kuilandira, ndipo yankho likhale lolembedwa. Kuipa kwake n'kwakuti m'makoleji ambiri oima paokha, pafupifupi mwana aliyense wolandiridwa amatsitsiridwa mtengo mwanjira imeneyi. Ndi ochepa amene amalipira fizi yolembedwa pa webusaiti. Nambala yoti muiyang'anitsitse ndi yotsala ija, 34,000 pa chaka.

Popeza ali ndi green card, lembani msanga fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la boma la ndalama za sukulu. Ndi yaulere, musalipire munthu kuti akulembereni. Pell Grant, thandizo la boma losabweza, yafika madola 7,395 pa chaka m'zaka zaposachedwapa kwa mabanja opeza zochepa kwambiri. Ku Ohio kulinso Ohio College Opportunity Grant, koma imagwira ntchito makamaka mwana akaphunzira ku Ohio komweko. Ngongole ya boma imene mwana angatenge m'dzina lake ndi 5,500 chaka choyamba, 6,500 chachiwiri, 7,500 chachitatu ndi 7,500 chachinayi, zonse pamodzi 27,000. Imeneyo injiniya angathe kuibweza osavutika kwenikweni. Tsopano werengani nane. Ngakhale atapatsidwa Pell yonse, 34,000 kuchotsa 7,395 patsala 26,605. Pa zaka zinayi zikuposa 100,000, fizi isanakwere, ndipo imakwera pafupifupi chaka chilichonse pamene sikolashipu nthawi zambiri imakhala pomwepo.

Kalata ya thandizo ikabwera, muiwerenge ndi cholembera m'manja. Makoleji ambiri amalemba thandizo losabweza, ngongole ndi work-study m'ndandanda umodzi, n'kuika pansi nambala yaing'ono yosangalatsa. Inu lembani mzere pansi pa mawu oti grant ndi scholarship okha, zina zonse ndi ndalama zimene mudzalipira ndithu. Work-study ndi malipiro a ntchito imene mwana ayenera kuipeza ndi kuigwira, ndipo wosewera mpira alibe maola ake kuyambira August mpaka November. Parent PLUS ndi ngongole ya m'dzina lanu, ya chiwongoladzanja chokwera kuposa ya mwana, ndipo ndi imene imatsatira makolo mpaka kuukalamba. Kwa mayi amene ali ndi ana ena awiri kumbuyo, mwinanso abale kumudzi akumuyang'anira, ine ndinganene kuti muipewe. Ikani kalata ya kolejiyo pambali pa ya yunivesite ya boma muyerekeze zotsala. Nthawi zina koleji yaing'ono imatsika mtengo kuposa ya boma, makamaka makoleji olemera amene amakwaniritsa zonse zimene banja lapereŵera. Ndipo kupempha kuti aonenso n'kololedwa: lemberani ofesi ya financial aid, muikepo kalata ya koleji ina ndi umboni wa zimene mumapeza. Anthu athu ambiri amachita manyazi ndi zimenezi, pamene maofesiwo amalandira makalata otere chaka chilichonse.

Tsopano za kochi. Sindikunena kuti akunama, makochi ambiri a m'makoleji ang'onoang'ono amawakondadi anawa. Koma dziwani chifukwa chake foni ikulira. Koleji ya ophunzira 1,200 imadalira fizi kuti iyende, ndipo timu ya mpira ya anyamata 130 ndi gawo lalikulu la fiziyo. Kochi amapatsidwa chiwerengero cha ana oti abweretse chaka chilichonse. N'chifukwa chake si zachilendo kuona ana atsopano 50 kapena 60 akufika mu August, pamene m'bwalo mumalowa 11 nthawi imodzi, ndipo malo a linebacker ndi awiri, atatu kapena anayi. Basi yopita kumasewera akutali sinyamula onse. Ena amatha chaka chonse akusewera a junior varsity, timu yachiwiri, Lamlungu kapena Lolemba, kapena akuyerekeza timu ya adani pa training kuti akuluakulu aphunzirirepo.

Pali njira yosavuta yodziwira zoona popanda kufunsa munthu. Pa webusaiti ya timu pamakhala mayina a osewera a chaka chilichonse. Tsegulani a zaka zitatu zapitazo muwerenge ana a chaka choyamba, kenako tsegulani a chaka chino muwerenge a chaka chomaliza. Ngati analowa 60 ndipo atsala 15, funsani kuti enawo ali kuti. Kusiya mpira n'kupitiriza sukulu pomwepo palibe vuto. Koma ngati ambiri anachoka pasukulu ndi ngongole alibe digiri, pamenepo pali matenda. Webusaiti ya boma ya College Scorecard ikuuzani kuti mwa ophunzira 100 olowa pa kolejiyo amamaliza angati, ndi ngongole yanji, ndipo amapeza ndalama zingati akayamba ntchito. Safunsa anadya phula, ndiye mwana afunsenso kochi mwachindunji: mwaitana ma linebacker angati chaka chino? Ine mukundiona pa nambala yanji? Kodi ndinu amene mudzakhala pano chaka chamawa? Kochi wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Onaninso thanzi la koleji yeniyeniyo. Makoleji ang'onoang'ono angapo okhala ndi matimu a mpira atsekedwa m'zaka zapitazi: MacMurray College ku Illinois mu 2020, Finlandia University ku Michigan ndi Iowa Wesleyan mu 2023, Birmingham-Southern College ku Alabama mu 2024. Alderson Broaddus ku West Virginia inasiya kuphunzitsa mu 2023 patatsala masabata ochepa kuti semesita iyambe. Lembani dzina la kolejiyo pa intaneti muone ngati pali nkhani za kuchotsa aphunzitsi, kutseka maphunziro ena, kapena chenjezo lochokera ku bungwe lovomereza makoleji.

Funso lanu lachiwiri, la sukulu ndi mpira nthawi imodzi, yankho lake ndi inde, koma muone kaye mmene tsiku limakhalira. Osewera amafika pasukulu cha pakati pa August, anzawo asanabwere, n'kukhala masabata awiri kapena atatu akungodya, kugona ndi mpira. Masewera enieni ndi 10, Loweruka lililonse kuyambira kumayambiriro kwa September mpaka pakati pa November, ndipo matimu ochita bwino amapitirira kumpikisano umene umathera pa Stagg Bowl, ndime yomaliza ya Division III. Lachiwiri la m'kati mwa nyengoyo limayenda chonchi m'matimu ambiri: 6 koloko m'mawa kunyamula zitsulo, 8 koloko mpaka 2 koloko makalasi, kenako kukamangitsa tepi m'akakolo, 3 koloko kukhala m'chipinda kuonera vidiyo ya timu imene adzakumane nayo, 4 koloko mpaka cha m'ma 6 pabwalo, kusamba, kudya mothamanga kantini isanatseke, ndiye n'kutsegula buku la calculus thupi likuphwanya. Lachisanu lina amakwera basi maola asanu kapena kuposa. Lamulo limafuna tsiku limodzi lopuma pa sabata, ndipo ku Division III mwana saloledwa kujomba kalasi chifukwa cha training. Koma mukaphatikiza zonse, pamodzi ndi maulendo ndi kulandira chithandizo cha zopweteka, mpira umadya maola ofanana ndi ntchito yolembedwa.

Kwa wofuna uinjiniya vuto limakhala ma lab, chifukwa ambiri amachitika masana mpaka 4 kapena 5 koloko, nthawi yomweyo ya training. Wophonya training kawiri pa sabata savutika ndi lamulo, koma Loweruka amaonera ali chilili m'mbali. Mwana apemphe kuti alankhule ndi wosewera wa chaka chachitatu kapena chachinayi amene akuphunzira uinjiniya. Ngati kochi sangapeze ndi mmodzi yemwe, yankho mwalipeza.

Ndipo apa ndikuchenjezeni kwambiri. Makoleji ang'onoang'ono ambiri alibe digiri ya uinjiniya yawoyawo. Amakhala ndi dongosolo lotchedwa 3-2: zaka zitatu pakolejipo, zaka ziwiri ku yunivesite ina. Ndiye kuti zaka zolipira ndi zisanu, sikolashipu ya 24,000 ija simutsatira kwinako, pamafunika GPA yapamwamba kuti asamuke, ndipo ayenera kusiya timu ndi anzake pa chaka chimene akanayamba kusewera kwambiri. Ana ambiri akafika pamenepo sachoka, amangomaliza ndi digiri ya physics kapena masamu. Funsani ngati digiri ya uinjiniya imathera pomwepo m'zaka zinayi, komanso ngati ndi yovomerezedwa ndi ABET, bungwe lovomereza maphunziro a uinjiniya, chifukwa olemba ntchito ambiri ndi mabungwe opereka ziphaso za uinjiniya amayang'ana zimenezo. Ku Ohio ndi maboma oyandikana nawo kuli sukulu za Division III zodziwika ndi uinjiniya zimene zilinso ndi timu ya mpira, monga Case Western Reserve ku Cleveland, Ohio Northern ku Ada, Rose-Hulman ndi Trine ku Indiana, ndi Carnegie Mellon ku Pittsburgh. Kochi mmodzi akamufuna, n'zotheka kuti enanso angamufune. Atumize vidiyo yake ya pa Hudl, webusaiti ya mavidiyo a osewera, ya mphindi zitatu kapena zinayi, zabwino kwambiri zikhale koyambirira, pamodzi ndi magiredi ake, kwa makochi a sukulu zingapo.

Malamulo ochepa oti muwadziwe: ayenera kukhala ndi ma credit osachepera 12 pa semesita, ndipo akasiya kalasi imodzi n'kutsika pansi pa 12 amaimitsidwa tsiku lomwelo, choncho asasiye kalasi asanafunse. Ali ndi nyengo zinayi zosewera m'masemesita 10. Ku Division III, akapitiriza training ndi timu masewera oyamba atachitika, chaka chimawerengedwa ngakhale asalowe m'bwalo, pokhapokha atavulala msanga n'kupempha kuti chisawerengedwe. Kubetcha pa masewera a m'makoleji kungamuchotse m'timu, ndipo mankhwala ena okulitsa minofu ogulitsidwa m'masitolo ali ndi zinthu zoletsedwa. Malamulowa akusintha pafupipafupi masiku ano, ndiye munthu woti afunsidwe ndi compliance officer wa pasukulupo, woyang'anira malamulo a masewera, osati anzake a m'timu.

Tifike pa chimene chimakutsinzinitsani. Simukulakwa kuopa. Linebacker ntchito yake ndi kugunda ndi kugundidwa, ndipo ku koleji anyamata ndi akuluakulu ndi aliwiro kuposa a ku high school. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchite sabata ino, mpira apitirize kapena asapitirize: muyezetseni magazi kuti mudziwe ngati ali ndi sickle cell trait. Ana obadwira ku America amayezedwa akangobadwa. Wanu anabadwira kumudzi, ndiye mwina sanayezedwepo. Trait imeneyi ndi yofala pakati pa ife anthu akuda. Munthu amakhala atatengera mbewu ya sickle cell kwa kholo limodzi, sadwala, ndipo angathe kukula osadziwa. Koma akathamangitsidwa mwamphamvu mobwerezabwereza osapuma, makamaka kukatentha, ali ndi ludzu, akudwala, ali ndi mphumu, kapena ali kumalo okwera kwambiri, maselo ofiira a magazi amapindika ngati chikwakwa n'kutseka timitsempha ta m'minofu. Zimatha kuyamba m'mphindi ziwiri kapena zitatu zoyamba. Miyendo imafooka, mwana amakhala pansi pang'onopang'ono akulankhula, ndipo minofu ikagwiridwa imakhala yofewa, pamene ya munthu wogwidwa ndi tsemwe la minofu wamba imalimba. Kochi wosadziwa amayesa ulesi n'kumukuwira kuti adzuke. Imfa ya Dale Lloyd wa ku Rice University mu 2006 ndi imene inachititsa NCAA kuyamba kufuna kuti wosewera aliyense adziwike ngati ali nayo, ndipo ku Division III lamuloli linayamba mu 2013. Wokhala ndi trait saletsedwa kusewera. Amayenera kuonjezera mphamvu pang'onopang'ono, kupuma mokwanira pakati pa mathamangidwe, kumwa madzi, ndi kuima nthawi yomweyo akamva zachilendo. Dokotala wa banja angathe kumuyeza, ndipo pepala la zotsatira mulisunge.

Chachiwiri ndi kutentha kwa mu August. Masiku oyamba malamulo amafuna kuti ayambe ndi chisoti chokha, kenako zotchinga mapewa, kenako zovala zonse, kuti thupi lizolowere. Thupi likatentha kufika madigiri 40 Celsius ndipo mwana wayamba kusokonezeka, kudzandira kapena kulankhula zosamveka, chopulumutsa moyo ndi kumuviika m'bafa la madzi oundana pomwepo, ambulansi isanamunyamule, pasanathe mphindi 30. Jordan McNair wa ku University of Maryland anamwalira mu 2018 ali ndi zaka 19 chifukwa choti zimenezi sizinachitike pa nthawi yake. Mukapita kukaona sukulu, pemphani kuonana ndi athletic trainer, amene ndi katswiri wa zovulala wokhala ndi timu tsiku lililonse. Mufunseni kuti ali angati osamalira timu ya mpira, bafa la madzi oundana limakhala pati pa nthawi ya training, makina odzutsa mtima a AED ali pati, ndipo chipatala chapafupi chili pa mtunda wanji. Makoleji ena ang'onoang'ono ali ndi ma trainer atatu kapena anayi osamalira matimu onse a pasukulu. Mwana adziwenso kuti mkodzo ukada ngati Coca-Cola pambuyo pa training yolemetsa, minofu ikupweteka modabwitsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa ndi chizindikiro choti minofu ikusweka ndipo impso zili pangozi.

Za mutu. Concussion ndi kugwedezeka kwa ubongo, ndipo ambiri amene amaipeza sakomoka. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kudana ndi kuwala, kuiwala, kugona kosokonekera, kupsa mtima kosadziwika. Sukulu iliyonse ya NCAA iyenera kukhala ndi ndondomeko yake: kuyeza mwana nyengo isanayambe kuti pakhale poyerekezera, kumutulutsa akangokayikiridwa, osabwerera m'bwalo tsiku lomwelo, kenako kubwerera pang'onopang'ono, sitepe iliyonse yotenga tsiku kapena kuposa, mpaka dokotala atavomereza. Ambiri amachira m'masabata awiri kapena anayi. Choopsa n'kubisa. Mwana wa chaka choyamba amene akulimbirana malo ndi anzake khumi amaopa kunena, ndipo kugundidwanso ubongo usanachire n'kumene kumawononga kwambiri. Mukhale naye pansi, inu ndi bambo ake, mumuuze kuti kunena mutu ukapweteka ndi lamulo la pakhomo panu. Akayamba kusanza mobwerezabwereza, mutu ukukulirakulira, lilime likulemera, akugwa khunyu, mboni ya diso limodzi yakula kuposa inzake, kapena sakudzuka bwino, imbani 911. Za matenda a ubongo a CTE amene mumamva, ofufuza a ku Boston University apeza kuti chiopsezo chimakwera ndi kuchuluka kwa zaka zimene munthu wasewera mpira wogundana. Palibe chisoti chimene chimachotseratu zimenezi. Ngati mwana wanu wapezekapo kale ndi concussion kawiri kapena katatu, kapena inatenga nthawi yaitali kuchira, muonane ndi dokotala wa zamasewera kapena wa ubongo musanavomere chilichonse, ndipo mumvere zimene anene.

Bondo ndi phewa ndi zimene zimavulala kawirikawiri. Mtsempha wa m'bondo wa ACL ukaduka pamafunika opaleshoni ndi miyezi 9 mpaka 12 yochira, ndipo apa m'pamene nkhani ya inshuwalansi imabwera. Makolo ambiri amaganiza kuti sukulu idzalipira. M'makoleji ang'onoang'ono inshuwalansi yoyamba ndi yanu, ya sukulu ngati ilipo imabwera pambuyo. Ya NCAA ya kuvulala koopsa imayamba ndalama za chipatala zikapitirira madola 90,000. Imbani ku kampani yanu ya inshuwalansi mufunse ngati imalipira zovulala za mpira wa ku koleji, komanso ngati madokotala a m'tauni ya kolejiyo ali m'gulu lake. Ngati muli pa Medicaid ya ku Ohio ndipo kolejiyo ili m'boma lina, kawirikawiri imalipira zadzidzidzi zokha, osati MRI, opaleshoni yokonzekera kapena physiotherapy.

Za NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, ndinene mwachidule, poti mwina mwana akuzilota chamumtima. Zinachitikapo: London Fletcher anachokera ku John Carroll, Pierre Garçon ku Mount Union, Ali Marpet ku Hobart n'kudzapambana Super Bowl, ndime yomaliza ya NFL, ndi Tampa Bay, Quinn Meinerz ku Wisconsin-Whitewater. Koma mwa osewera 100 a NCAA, osakwana awiri ndi amene amasankhidwa, ndipo pafupifupi onsewo ndi a Division I. Asaike khobidi la ngongole pa maloto amenewo.

Ndiye amapindulanji? Zambiri, ndipo bambo ake azimve. Mnyamata amafika pasukulu n'kupeza kale anzake, anthu akuluakulu omudziwa dzina, ndi wina woona kuti sanabwere m'kalasi. Amaphunzira kudzuka m'mawa, kusunga nthawi, kudzudzulidwa pagulu n'kubweranso mawa lake. Makalasi amakhala a ana 15 kapena 20, mphunzitsi amadziwa amene akutsalira. Akale amene anasewerapo m'timumo amathandiza achichepere kupeza internship ndi ntchito. Ndaona kawirikawiri kuti magiredi a anyamatawa amakhala bwino m'nyengo ya mpira kuposa mu February, pamene ali ndi nthawi yambiri yopanda woiyang'anira. Ku yunivesite yaikulu mnyamata wofatsa angathe kusowa m'chigulu semesita yonse popanda wozindikira.

Koma makoleji ambiri otere ali m'matauni ang'onoang'ono akumidzi kumene anthu akuda ndi ochepa, ndipo nthawi zina ambiri mwa anyamata akuda a pasukulupo amakhala a m'timu ya mpira. Mwana akasiya timu amatha kupezeka ali yekhayekha. Ayende pasukulupo popanda kochi, adye ku kantini, acheze ndi ophunzira akuda osasewera mpira, afunse mmene amakhalira m'tauniyo, kumene amametetsa, kumene amapemphera. Ndipo akadzakhala kumeneko, mukadzaona kuti wasiya kuimba foni, wavulala ndipo sakutuluka m'chipinda, sakudya, kapena akulankhula ngati wataya mtima, musadikire holide. Sukulu zambiri zili ndi alangizi aulere, ndipo nambala ya 988, yothandiza ovutika maganizo, imayankhidwa usana ndi usiku.

Kwa owerenga amene ana awo akufunsira kuchokera kwathu ndi visa ya ophunzira ya F-1, nkhani ya ndalama ndi yosiyana: Pell ndi ngongole za boma sizikuwakhudza, ndipo ofuna kusewera ku Division III ayenera kulembetsa ku NCAA Eligibility Center, zimene mwana wa mayiwa, wophunzira high school ku America, safunika kuchita pa gawo limeneli.

Ulendo woyamba uja mwana anaonetsedwa bwalo, yunifolomu ndi chipinda cha zitsulo. Konzani wachiwiri, pakati pa sabata, mupite nonse atatu. M'mawa mukhale ndi a financial aid, kalata ili m'manja, akuuzeni ndalama yotuluka m'thumba mwanu pa chaka chilichonse mwa zinayi. Kenako mkulu wa dipatimenti ya uinjiniya akuonetseni ndandanda ya ma lab a chaka choyamba ndi chachiwiri. Masana muonane ndi athletic trainer mutanyamula zotsatira za magazi ndi khadi la inshuwalansi, ndipo kochi mumuone pomaliza. Mukabwerako, mlangizi wa ku high school ya mwana angakuthandizeni kuyerekeza makalata a makoleji onse kwaulere, ndipo mupite kwa iye pasanafike pa 1 May.